Makabati a melamine m'nyumba mwathu: mafunso ndi mayankho opewera ming'alu

Mukalowa m'nyumba zambiri mu Lilongwe muno, kaya ku Area 25, ku Chilinde kapena ku Likuni, mupeza kabati ya kukhitchini, wadiropu kapena tebulo la TV lopangidwa ndi bolodi la melamine. Anthu amalikonda pa zifukwa zomveka. Ndi losalala, silifuna penti kapena vanishi, ndipo mtengo wake uli pansi poyerekeza ndi mlombwa kapena mbawa, mitengo imene masiku ano ikusowa. Koma madandaulo nawo ndi ambiri, ndipo amachuluka mvula ikafika pachimake. M'munsimu muli mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri. Chofunika kuchigwira poyambirira ndi ichi: khungu losalala lija siling'aluka lokha. Nthawi zambiri limang'aluka chifukwa thabwa la mkati mwake latupa, lapindika kapena lakakamizidwa.

Kodi melamine ndi mtundu wanji wa mtengo?

Si mtengo ayi. Mkati mwa bolodi muli chipboard, kutanthauza tizibenthu ta matabwa tosakaniza ndi guluu, topsinjidwa ndi makina otentha mpaka tigwirane. Mabolodi ena mkati mwake ndi MDF, imene imapangidwa ndi ufa wa matabwa wosalala kwambiri. Pamwamba pake amayala pepala loyera, la mtundu wina, kapena lojambulidwa mizere ya mtengo, loviikidwa mu utomoni wa melamine, n'kulipsinja pa moto mpaka liume gwa.

Khungu limeneli silikwana ngakhale theka la milimita. Ndi lolimba, silikalika msanga, ndipo madzi sadutsa pamwamba pake. Koma silitamuka ngakhale pang'ono. Thabwa la mkati likafufuma, khungulo silingalitsatire, limangong'ambika.

Mabolodi ambiri ochokera ku South Africa, monga MelaWood ya kampani ya PG Bison, amakhala okhuthala mamilimita 16, ndipo bolodi lathunthu ndi mamilimita 2750 m'litali, 1830 m'lifupi. Limodzi limalemera makilogalamu opitirira 50. Kulemera kumeneku tidzakumana nako pa nkhani ya kusamuka.

Timakolopa m'mawa uliwonse. Kodi ndi zimene zawononga kabati yathu kunsi?

Nthawi zambiri inde, ndipo pano ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa makabati ambiri a mumzinda uno amafera kumapazi.

Gwadani muyang'ane kunsi kwa wadiropu yanu. Ngati mbali zake zakhala pa simenti penipeni, tengani foni muunikire m'mphepete mwake. Mwina muona mzere wotukumuka, khungu litakakamuka, mkati mukuoneka tizibenthu tachikasu togumuka mukatikanda ndi chikhadabo. Chinachitika n'chakuti mmisiri anadula bolodi, mbali yodulidwayo sanaimate chilichonse poganiza kuti ndi yapansi, palibe adzaione. Ndiye m'mawa uliwonse chikolopa chimadutsa pamenepo, n'kusiya timadzi. Chipboard imamwa madzi ngati buledi woviika mu tiyi, ndipo ikatupa sibwereranso mwakale ngakhale itauma.

Kukolopa musasiye. Chofunika n'chakuti bolodi lisakhudze pansi. Pali timiyendo ta pulasitiki kapena tachitsulo togulitsidwa m'mahadiweya, totalika masentimita 10 mpaka 15, ndipo tina timapotokola kuti kabati iime mowongoka pamene simenti ili yokwera mbali imodzi. Ngati ndalama ya timiyendo palibe, timatabwa ta paini topaka vanishi, kapena zidutswa za matailosi zoika pansi pa ngodya iliyonse, zimathandiza ndithu. Kenako muuzeni aliyense wokolopa m'nyumbamo, kaya ndi ana kaya ndi mtsikana wantchito, kuti pafupi ndi kabati chikolopa azichifinya kwambiri, ndipo asamakhuthule madzi pansi n'kumawakankha.

Nanga kabati ya pansi pa sinki, bwanji ndi imene imayamba kuwonongeka?

Chifukwa imalandira madzi kuchokera mbali zitatu. Pamwamba, madzi amalowa pa mpata wa pakati pa sinki ndi bolodi. Mkati, paipi yotaya madzi imadontha pang'onopang'ono pamalo olumikizira, ndipo munthu sadziwa mpaka fungo la chuku litayamba kumveka. Kutsogolo, madzi otsukira mbale amatsetsereka n'kukalowa pamwamba pa chitseko.

Pali chachinayi chimene ife a kuno timachidziwa bwino. Madzi akasiya kutuluka m'mipopi timasunga ena m'zidebe ndi m'zigubu, ndipo malo obisako ndi pansi pa sinki pomwepo. Chidebe chonyowa kunsi chikakhala pa shelefu mlungu wathunthu, madzi amayenda mpaka kukapeza polowera. Choopsa china ndi mpopi woiwalika wotsegula madzi atasiya. Akabwera usiku anthu ali mtulo, khitchini yonse imasanduka dziwe, ndipo usiku umodzi wotero ndi wokwanira kutupitsa makabati onse apansi.

Pokonza sinki, mmisiri akaboola bolodi kuti sinki ilowe, m'mphepete modulidwamo apakemo silikoni kapena vanishi kawiri asanaikhazike. Mabowo odutsa mapaipi nawonso apakidwe. Akatha, azungulize silikoni pomwe sinki yakumana ndi bolodi ndiponso pomwe bolodi lakumana ndi khoma. Silikoni amakalamba. Mukaona wada kapena wayamba kumatuka, mukandeni yense muike wina, osangopaka pamwamba pa wakale. Pansi pa paipi ikanipo beseni laling'ono, ndipo kamodzi pamwezi pisani dzanja mukhudze molumikizira monse. Zidebe za madzi zikhale pansi pa simenti kapena pa thireyi, osati pa bolodi.

M'nyumba mwanga simulowa madzi, koma zitseko za wadiropu zimalimba nthawi ya dzinja. Chikuchitika n'chiyani?

Ndi chinyezi cha mumpweya. Nyengo ya Lilongwe imasintha kwambiri. Mvula imayamba cha mu Novembala kapena Disembala n'kudzasiya cha mu Epulo, ndipo Januwale ndi Febuluwale mpweya umakhala wonyowa moti zovala zimachita chuku m'wadiropu. Seputembala ndi Okutobala kumauma kwambiri, kuli fumbi ndi dzuwa loswa mtengo. Bolodi limakoka chinyezi podzera m'mbali zosamatidwa, kenako limachitaya, chaka ndi chaka. Kufufuma ndi kunyala kumeneku ndi kochepa, koma kumakhwefula masikuluwu ndi kutsegula timing'alu pafupi ndi mabowo.

Musagunditse wadiropu kukhoma lakunja. Siyani mpata wa masentimita 3 mpaka 5 kuti mphepo izidutsa, makamaka ngati nyumba ili kufupi ndi dambo kapena khoma limaonetsa mzere wa chinyontho m'munsi. Tsiku lowala dzuwa tsegulani mawindo ndi zitseko za wadiropu. Olowa m'nyumba yongomangidwa kumene apirire pang'ono: pulasitala ndi simenti zimatenga nthawi kuti ziume mkati, ndipo kabati yokhomedwa pakhoma laliwisi imayamwa chinyezi chonsecho kumsana kwake. Ndipo mvula zoyamba zisanagwe, kwerani muone malata. Dontho limodzi logwera pamwamba pa wadiropu, pamene pali masutikesi ndipo palibe amayang'anapo, limagwira ntchito dzinja lonse.

Kodi kutentha kumang'alula melamine?

Kumang'alula. Kapu ya tiyi ilibe vuto, koma poto wongophula pamoto amawaula khungu, n'kulitukusira kapena kulisiya ndi timing'alu tating'ono. Ikani kathabwa kapena tailosi. Chimodzimodzi ayironi, kandulo yoimika pa tebulo magetsi akazima, ndi hotipuleti yokhazikidwa pa bolodi popanda chotchinga.

Mbaula ikhale patali, ndipotu mbaula siyenera kuyaka m'nyumba yotseka, chifukwa utsi wa makala umapha anthu. Ketulo yamagetsi ndiyo anthu saiganizira. Ikamawira pansi pa kabati yapakhoma, nthunzi imamenya m'mphepete mwa chitseko tsiku ndi tsiku, guluu wa tepi yomatidwa m'mphepetemo amafewa, tepi imamatuka, chinyezi n'kulowa. Ikokereni kutsogolo, mlomo wake uloze kunja. Tebulo lokhala pawindo lolowa dzuwa lamasana litchingeni ndi katani, poti mbali yotenthedwayo imauma kuposa inzake ndipo bolodi limayamba kukhota.

Shelefu yanga yapindika pakati ndipo kunsi kwaoneka mng'alu. Kodi bolodi lake linali lachinyengo?

Mwina, koma kawirikawiri vuto ndi kutalika kwa shelefu. Chipboard ilibe mitsempha yoyenda m'litali ngati thabwa lenileni, choncho ikasenza katundu nthawi yaitali imagonja pang'onopang'ono. Bolodi la mamilimita 16 losenza mbale zadothi, mabuku kapena mapoto lisapitirire masentimita 60 popanda chochirikiza. La zovala lingafike masentimita 80. Kupitirira apo pafunika thabwa loimirira pakati, kapena kathabwa kokhomedwa kunsi kwa shelefu m'litali mwake.

Kumbukiraninso kuti chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo thumba la ufa kapena la mpunga malo ake ndi pansi. Zolemera ziikeni kumbali, kufupi ndi zochirikiza, zopepuka pakati. Shelefu yongokhazika pa timapini mungaitembenuze ikangoyamba kupindika, isanang'aluke.

Ndikufuna kupangitsa kabati kwa akalipentala. Ndiyang'ane chiyani?

Ku Mchesi, ku Kawale, ku Biwi ndi m'misewu ina yambiri kuli amisiri aluso, ndipo ambiri amachita zimene kasitomala walipira. Mukakakamira mtengo wotsikitsitsa, iwo amachotsa zinthu zosaoneka, ndipo zosaonekazo ndi zimene zimasunga kabati. Ndiye kambiranani momveka ntchito isanayambe.

Choyamba ndi tepi ya m'mphepete, imene amisiri amangoti edging. Nenani kuti mukufuna mbali zonse zimatidwe, ndi zapansi ndi zakumbuyo zomwe. Pa zitseko ndi madilowa pemphani ya pulasitiki ya PVC yokhuthala milimita 1 kapena 2, chifukwa yopyapyala ya mamilimita 0.4 imabenthuka ikagundidwa ndi poto. Tsiku lokatenga katundu yendetsani chala m'mphepete monse. Pasakhale pokola chala, pasakhale mpata wolowa chikhadabo. Ipendeketseni kabatiyo muone kunsi. Mmisiri wodziwa ntchito yake sakwiya nazo zimenezi.

Yang'ananinso podulidwa. Mukaona mzere wa tizibenthu m'mbali mwa tepi, ngati pakhungupo padadyedwa ndi mbewa, ndiye kuti anadulira sowo yobuntha kapena ya mano akuluakulu. Kabenthu kalikonse ndi khomo la madzi ndiponso poyambira mng'alu. Melamine imafuna sowo yamakina ya mano ang'onoang'ono ambiri, 60 kapena 80, ndipo n'chifukwa chake amisiri osamala amakadulitsa ndi kumatitsa mabolodi kumene kuli makina ake, iwo n'kudzangolumikiza.

Kumbuyo kwa kabati kukhale bolodi lopyapyala lokhomedwa mbali zonse zinayi. Anthu amaliona ngati lotchinga fumbi chabe, koma ndi limene limagwira kabati kuti isapendekeke. Ya kukhitchini, funsani ngati bolodi lopirira chinyezi likupezeka. Nthawi zambiri mkati mwake mumaoneka mobiriwira. Limachedwa kutupa, koma nalonso silimizidwa m'madzi, m'mphepete mwake muyenera kumatidwa basi.

Kodi kukhoma misomali n'kolakwika?

Polumikiza mabolodi, inde. Msomali umapatula tizibenthu ta mkati, ndipo hamala imaswa khungu. Pamafunika masikuluwu a chipboard, a mazinga akuluakulu, ndipo poyamba pabooledwe kabowo kocheperako pang'ono kuposa sikuluwuyo. Popanda kabowoko, sikuluwu yolowa m'mphepete imatukumula bolodi mbali zonse ziwiri. Isayandikire ngodya, ikhale masentimita 5 kapena kuposa kuchokera kumapeto. Ndipo ikangogwira, lekani. Kuimanga mopitirira kumamiza mutu wake n'kusiya ming'alu yozungulira ngati nyenyezi. Timisomali ting'onoting'ono n'tololedwa pa bolodi lopyapyala lakumbuyo lokha.

Ndife a lendi, timasamuka pafupipafupi. Tingatani kuti wadiropu ifike yamoyo?

Funso ili limandikhudza, chifukwa kumapeto kwa mwezi uliwonse mumsewu mumaoneka malole atasenza mawadiropu oimirira, omangidwa chingwe chimodzi, akugwedera pa mabampu. Katundu amene munthu anasungira ndalama miyezi yambiri amatha mu ola limodzi.

Mipando ya chipboard imalimba ikakhala malo amodzi. Mphamvu yake yonse ili pa masikuluwu ochepa ogwira m'tizibenthu, ndipo mabolodi ake ndi olemera. Ikapotoka kamodzi, mabowo amakula ndipo sagwiranso ngati kale. Kuikhwekhwereza pansi ndiye koipitsitsa: mbali yapansi imakodwa pa simenti, yapamwamba ikupitabe, ndipo molumikizira mumathyoka.

Tulutsani zonse za mkati, mashelefu ndi madilowa omwe. Zitseko zimasuleni, muzikulunge m'mabulangete, timasikuluwu muike m'kajumbo n'kukamatirira mkati mwa wadiropu. Ngati wadiropu ndi yaikulu, ndi bwino kuitana kalipentala aimasule yonse n'kukailumikizanso uko. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi kugula ina. Ponyamula agwire kunsi, anthu okwanira, osati kukokera pa bolodi lapamwamba. M'galimoto igone chagada pa matiresi kapena makatoni, ndipo pamene chingwe chikudutsa pangodya ikanipo katoni yopinda, chifukwa chingwe chokoka kwambiri chimadya m'mphepete. Nthawi ya mvula musanyamuke opanda lona. Adalaivala apempheni mwaulemu kuti ayende pang'onopang'ono mukachoka pa tala.

Mukafika, musanalongedze, onani ngati yaima mowongoka. Ikamagwedera ikani kachidutswa pansi pa ngodya yolendewera. Wadiropu yoima pa miyendo itatu imadzipotokola yokha, zitseko zimayamba kukhulana, ndipo ming'alu imatulukira pa mahinji. Amene mukudziwa kuti mudzasamukabe, pangitsani mawadiropu awiri ang'onoang'ono ogundizana m'malo mwa chimodzi chachikulu cha zitseko zinayi.

Nditsukire chiyani?

Kansalu kofewa, konyowa pang'ono, ndi dontho la sopo wotsukira mbale. Mukatha pukutani ndi kouma, makamaka m'mphepete. Waya wokwechera mapoto, Vim, phulusa ndi mchenga zisayandikire, chifukwa zimakala khungu n'kulisiya lotuwa, ndipo m'mikwingwirimamo mumakhala litsiro. Jik wosasungunula amawononga mtundu. Polishi wa pansi kapena mafuta sizithandiza kanthu, popeza melamine simwa mafuta. Nthawi ya fumbi yambani mwakuntha ndi kansalu kouma, poti fumbi lokhuliridwa ndi nsalu yonyowa nalonso limakala. Ndipo anyezi ndi tomato aziduliridwa pa kathabwa kake, osati pamwamba pa kabati.

Hinji yazuka pamodzi ndi chibenthu cha bolodi. Ndiikemo sikuluwu yaikulu?

Musatero. Yaikulu imangokulitsa bala, ndipo yaitali imatulukira kutsogolo kwa chitseko n'kuswa khungu. Boolani bwinobwino pamene pagumukapo, lowetsanipo kamtengo kozungulira kopaka guluu woyera wa matabwa, dulani kotsalako, dikirani kuche, kenako boolani kabowo katsopano. Ngati pagumuka malo aakulu, pali timapuleti tachitsulo tokonzera mahinji timene timagwira pa malo abwino ozungulira balalo.

Hinji sizuka tsiku limodzi. Imayamba ndi kukhwefuka, chitseko n'kumalendewera. Kawiri pachaka, polowa dzinja ndi potuluka, zungulirani nyumba ndi sikuludiraiva mumange pang'ono paliponse pamene pakhwefuka. Ana aletseni kulendewera pa zitseko, ndipo matawulo onyowa asayanikidwe pamenepo.

Yang'aluka kale. Ikonzeka?

Zimatengera chimene chachitika mkati. Ngati ndi kabenthu kapena kamng'alu pa bolodi louma, tsekani msanga madzi asanalowe. Pali phula lolimba la mitundumitundu lokonzera mipando, kapena phala lotsekera mabowo a matabwa, limene mumalisalaza likauma. Podikira kupeza zimenezo, kyuteksi wopanda mtundu kapena phula la kandulo zimatseka kwa kanthawi. Chipsera chidzaonekabe mukayandikira, koma mng'alu sudzapitirira.

Tepi yomatuka musaisiye ikulendewera, ana amaikoka. Ngati ndi yopyapyala yokhala ndi guluu wake kumsana, yalani kansalu pamwamba n'kuisita ndi ayironi yotentha pang'ono, kenako ipsinjeni ndi kathabwa mpaka izizire. Ya PVC imafuna guluu wa kontakiti: pakani mbali zonse ziwiri, dikirani mpaka asiye kumata chala, ndiye gunditsani.

Koma bolodi lotupa lilibe mankhwala. Mungaliumitse pamthunzi podutsa mphepo, n'kulipala, n'kulipaka vanishi kuti lisapitirire, koma mphamvu yake yapita ndipo sikuluwu sigwiramo. Ubwino wake, kabati ya melamine ndi zidutswa zolumikiza. Mmisiri angachotse mbali yowonongekayo yokha n'kuikapo ina, kapena kudula masentimita angapo kunsi n'kuikapo timiyendo. Musanakonze, pezani kaye kumene madzi akuchokera.

Kodi chiswe chimadya melamine?

Khungu sichidya, koma mkati ndi matabwa, ndipo chimalowera m'mbali zosamatidwa ndi kumsana. Mukaona timizere ta dothi pakhoma kuseri kwa kabati, isunthireni kutali ndipo thirani mankhwala kumene chikutulukira. Apanso timiyendo ndi mpata wa kukhoma zimakuthandizani kuchiona msanga.

Ndinamva kuti melamine ndi poizoni. Kodi tisasungiremo chakudya?

Mbiri imeneyo inachokera ku China m'chaka cha 2008, pamene mankhwala a melamine anathiridwa mu mkaka wa ufa ndipo ana ambiri anadwala impso. Kumeneko anali kudya mankhwalawo. Utomoni wouma wa pa kabati ndi nkhani ina, ndipo kusunga mbale, shuga kapena ufa mmenemo kulibe vuto. Fungo loluma m'maso la kabati yatsopano limachokera ku guluu wa mkati mwa chipboard, amene amatulutsa mpweya wa formaldehyde pang'onopang'ono. Itsegulireni zitseko ndi mawindo masiku oyambirira. Kumata m'mphepete monse kumachepetsanso fungoli.

Chimene ndikuchenjezani mwamphamvu n'chakuti zidutswa za bolodi lotha musasonkhezere moto wophikira kapena woothera. Nkhuni ndi makala zadula, ndipo zidutswa zimenezi zimayaka bwino, koma utsi wa guluu ndi utomoni wake ndi woipa m'chifuwa, makamaka kwa ana ndi amayi okhala pamoto.

Ndiye pali malo amene melamine siyenera n'komwe?

Alipo: kubafa, pakhonde pofika mvula yamphepo, m'khitchini yapanja, ndi m'chipinda chilichonse chimene madzi amalowa dzinja likakula. Kumeneko gwiritsani ntchito thabwa la paini lopaka vanishi, chitsulo, kapena plywood ndi blockboard (mabolodi a matabwa enieni omatikizidwa ndi guluu) ngati zimene kampani ya Raiply imapanga ku Chikangawa, zomwe zimagwira sikuluwu bwino kuposa chipboard, ngakhale nazonso zimafuna kupakidwa.

Pamwamba pa makabati a kukhitchini, pogwirira ntchito, melamine wamba sakwanira. Pamafunika bolodi lokutidwa ndi Formica, lomwe khungu lake ndi lokhuthalirapo ndipo limapindikira kutsogolo popanda msoko, kapena mwala wa granite kwa amene angakwanitse. Kwa amene mukumanga nyumba yanuyanu, njira imene ndimaikonda ndi ya silabu ya konkire yoyalidwa matailosi, yokhala pa timakoma ta njerwa, pansi pake patakwezedwa masentimita 10 ndi simenti. Sinki imakhala mu konkire, chikolopa chimagunda simenti, ndipo melamine imatsala pa zitseko ndi mashelefu okha, zimene mungazimasule ndi sikuludiraiva n'kusintha chimodzichimodzi.